Munda wa Chinangwa Chokha

MUTU WACHISANU NDI CHIMODZI

1. Malo a m'mbali mwa msewu

Yewo Chirwa anali mtsikana wa zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo anali ndi nthenda imodzi yosamva mankhwala. Akaona malo opanda nyumba ankayamba kumangapo ndi maso. Ali pa njinga yamoto popita kuntchito, ankakhala ataika kale mazenera, atapaka laimu, atalowetsamo ndi anthu a lendi omwe, mwini munda asakudziwa n'komwe.

Ntchito yake inali yolandira alendo pa loji ina ku Kande. Mwezi ukatha anzake ankathamangira mawigi ndi mafoni atsopano, koma iye ankathamangira ku Sako, bungwe losunga ndi kubwereketsa ndalama limene analowa atangoyamba ntchito. Anzakewo ankamunena kuti ndi woumira, woti ngakhale fanta amamwa ya pamaliro yokha. Iye analibe nazo ntchito. Ankadziwa kuti anamwino ndi aphunzitsi amene amatumizidwa ku Chintheche amavutika kupeza nyumba, choncho ankafuna kumanga zipinda zinayi za mdadada zoti anthuwo azichita lendi.

Womunyamula tsiku ndi tsiku anali Mizeck Namaona, mnyamata wa kabaza amene anakula naye limodzi. Sande sukulu analowera limodzi ku Bandawe, ndipo mpaka pano ankaimba kwaya imodzi. Bambo ake a Mizeck anachokera ku Mulanje kudzagwira ntchito yocheka mitengo ya labala pa esiteti. Atapuma ntchito anapitiriza kukhala m'nyumba ya lendi pafupi ndi Chintheche mpaka pamene anamwalira chaka chatha. Maliro anakaikidwa kwawo ku Mulanje, ndipo mayi ake a Mizeck anatsalira komweko.

Lolemba lina, ali pakati pa ulendo, Mizeck anaimitsa njinga m'mbali mwa msewu wa tala. Anamuuza Yewo kuti za kabaza watopa nazo, mnzake wamupezera ntchito ku Joni, ndipo wa thiransipoti wonyamula anthu opita kumeneko akufuna ndalama sabata lomwelo. Choncho anali ataganiza zogulitsa munda umene bambo ake anasiya. Mundawo unali pomwe anaimapo.

Yewo atatsika, mtima unangoti dyokodyoko. Malo anali a thyathyathya, mapolo a magetsi ali pafupi, mjigo uli kuseri kwa tchalitchi. Ponseponse panali mitumbira ya chinangwa chokhachokha.

“Sisi Yewo, taonani nokha,” anatero Mizeck. “Palibe mango oti mudule, palibe chitsa choti muzule. Mukafuna, mawa lomwe mutha kuyamba kukumba maziko.”

Atamufunsa za mapepala, Mizeck anaseka n'kunena kuti kumudzi kuno ndani ali ndi pepala la munda. Aliyense ankadziwa kuti a Namaona analima pamenepo iye asanabadwe. Anawonjezera kuti bambo wina wa galimoto wa ku Mzuzu wabwera kale kawiri kudzaona malowo, koma iye sakanakonda kupatsa mlendo mlongo wake alipo. Ndalama zimene anatchula zinali mamiliyoni atatu. Yewo anali ndi awiri ku Sako, thukuta lake lonse la zaka zitatu.

Kunyumba nkhaniyi inafikira pa munthu wosachedwa kupsa. Mayi ake a Yewo, a NyaLongwe, anali mayi wa Umanyano, gulu la amayi a mumpingo, wotchuka ndi mapemphero aatali ndi maganizo aafupi. Asanamve n'komwe mapeto, anali atayamba kale kusankha mtundu wa makatani. Za miliyoni yotsalayo anati zisamudetse nkhawa mwana wawo, iwo akabwereka ku banki m'khonde Lachinayi. Madzulo omwewo mayiwo anamuimbira Mizeck kuti adzafike kumsonkhano wa gululo Lachinayi masana kudzatenga ndalamazo, kuti wa ku Mzuzu asawalande malo. Zotsalazo Yewo adzapereka Loweruka.

2. Mawu a asibweni

Yewo sanatsutse pamaso pa mayi ake, koma ngongole ya banki m'khonde inkamuopsa. Mawa lake ataweruka anatsikira ku Chintheche kwa a Noel Longwe, mlongo wa mayi ake, amene iye ankawatchula kuti asibweni. Kunena zoona, ankayembekeza kuti mwina amubwereka miliyoniyo popanda chiwongoladzanja.

A Longwe anagwira ntchito yophika m'mahotela a ku Joni kwa zaka zambiri, ndipo atabwerako anamanga nyumba za lendi zimene zinkawadyetsa. Kutchena kwa Atonga kumene anthu amanenaku kunathera pa iwo. Yewo anawapeza akupatsa abakha madeya atavala taye, nsapato zikuwala ngati za mkwati.

Anamvetsera nkhani yonse osamudula. Kenako anapukuta mpando ndi kampango, n'kukhala pansi.

“Mphwanga, ndalama yobwereka ili ndi makomo ambiri, koma khomo lililonse lili ndi galu wake,” anayamba motero. “Ukapita ku banki akakufunsa chikole, ndipo malo opanda chikalata cha umwini iwo sawayang'ana n'komwe. Ku Sako kwanuko n'kwabwinoko. Amakubwereka molingana ndi masheya ako, chiwongoladzanja n'chopepukirapo, ndipo umabweza mwezi ndi mwezi. Koma amafuna anthu okuimira, ndiye ukalephera iwe, olira amakhala anzako amene anakusainira. Banki m'khonde ya mayi akoyo ndi yabwino kwa wogulitsa usipa, amene wapikula lero, wagulitsa mawa, wabweza mkuja. Malo sabereka mwezi umodzi. Udzakhala ukupereka chiwongoladzanja mwezi ndi mwezi pamalopo pali udzu. Za katapila usanditchulire m'nyumba muno, ameneyo amadya munthu ali moyo.”

Yewo anafunsa kuti nanga munthu wosauka agula bwanji malo.

“Amagula m'magawo,” anayankha a Longwe. “Wogulitsa woona savuta kulandira theka lero pamaso pa mboni, theka lina mapepala akatuluka m'dzina lako. Ukaona munthu akufuna zonse lero, n'kumakuuza za bambo wa galimoto wa ku Mzuzu, dziwa kuti changucho n'chake, si chako. Komanso taganiza, ukakhuthula zonse pa malo, njerwa ndi malata udzagula ndi chiyani? Alipo ambiri muno amene ali ndi mapoloti omera nsenjere, lendi akulipirabe kwa ine.”

Za kubwereketsa ndalama zawo sanazitchule, ndipo Yewo anazindikira kuti khomo limenelo linali lotseka.

“Koma iwe wayambira kumchira,” anapitiriza. “Ukufunsa kumene ungapeze ndalama usanafunse chimene ukugula. Malo akakhala a lizi, umatenga nambala yake n'kukwera basi wekha kupita ku ofesi ya za malo ku Mzuzu. Umalipira kangachepe, iwo amakuonetsa dzina la mwini wake, zaka zimene zatsala, ndiponso ngati malowo anaikidwa chikole ku banki. Usatume munthu, kandimverere anakanena za m'maluwa. Ukabwerako umapeza asaveya kuti akuonetse mabikoni osonyeza malire, chifukwa pepala likhoza kukhala loona koma malo amene akukulozera ali ena. Tsono malo a makolo ngati awawa alibe nambala. Ofesi yake ndi miyendo yako. Umayenda malire onse anayi, umakhala pansi ndi oyandikana nawo, umafunsa abale a wogulitsa mmodzimmodzi, ngakhale amene ali kunja. Ukatero umapita kwa amfumu ndi komiti yoona za malo, n'kukafunsanso ku boma ku Nkhata Bay, popeza malamulo a malo anasintha ndipo si malo aliwonse amene amaloledwa kugulitsidwa. Zonsezi zikatha, m'pamene umatsegula chikwama.”

Yewo anawerama. Ananena kuti Mizeck ndi ngati mlongo wake, ndipo kukafunsa anthu za munda wa bambo ake kuli ngati kumutcha wakuba.

“Sitikayenda kumbuyo kwake, tikayenda naye,” anatero a Longwe. “Manyazi ndi a tsiku limodzi, mlandu wa malo umasiyira ana ako. Safunsa anadya phula, mphwanga. Pempha tchuthi Lachinayi m'mawa, ine ndikuperekeza.”

A NyaLongwe atamva zimenezi anapsa mtima. Anati mlongo wawoyo chibwerereni ku Joni amadziona ngati mzungu, ndipo n'zochititsa manyazi kufufuza mwana wamasiye wa mumpingo ngati wapolisi. Yewo anawapempha chinthu chimodzi chokha, chakuti asapereke ndalama iliyonse mpaka iye atabwerako. Mayiwo anayankha kuti amva. Koma analankhula akuyang'ana kumbali, ndipo aliyense wowadziwa akanadziwa kuti mawuwo alowera khutu ili n'kutulukira linalo.

Chovuta chinatsala kwa Mizeck. Lachitatu lonse Yewo anakhala kumbuyo kwa njinga akumeza mawu. Anawalavula madzulo akutsika, n'kunena kuti sadzapereka ndalama asanayende malire ndi asibweni ake. Mizeck anayamba waseka. Pomaliza anati palibe chobisa, abwere.

3. Kuyenda malire

Lachinayi dzuwa litakwera, atatuwa anakumana pamunda. A Longwe anabwera ndi ambulera, ndipo ankaponda pakati pa mitumbira mosamala kuti nsapato zisade. Mizeck ankatsogola akuloza malire molimba mtima: apa ndi njira ya kumjigo, apo ndi mzere wa chinanazi, uko ndi ngalande ya msewu.

A Longwe anamuuza Yewo kuti ayambe wachotsa mbali ya kumsewu m'maganizo mwake, chifukwa gawo limenelo ndi la msewu ndipo womangapo amadzagwetseredwa. Zitatero chipinda chimodzi mwa zinayi zija chinagwa Yewo asanagule ndi njerwa imodzi yomwe.

Atafika pakati pa munda, a Longwe anaima n'kuyang'ana minda yoyandikana. Kumanja kunali mango akuluakulu. Kumanzere kunali malalanje ndi mapeyala. Kumtunda nthochi zinachita kuphimba nyumba. Munda wa a Namaona wokha ndi umene unali mbee pakati pa yonseyo.

Anamufunsa Mizeck ngati bambo ake anadula mitengo. Iye anati ayi, sipanakhalepo mtengo chiyambire. Anamufunsa ngati malemuwo sankakonda zipatso. Mizeck anaseka n'kunena kuti bambo ake ankatha dengu la mango okha, ndipo kwawo ku Mulanje anadzala mapeyala ambirimbiri. Anamufunsanso chifukwa chimene munthu wokhala ndi malo abwino chotere anafera m'nyumba ya lendi. Apo Mizeck anangopitiriza kuyenda kulowera kumtunda.

Kumtunda kuja, pansi pa nthochi, mayi wina wachikulire ankayanika chinangwa chovuula pathandala. Anali a Janet, odziwika kuti a NyaKamanga, amene anakwatiwira pamalopo kalekale.

“Mwayuka uli, ama?” anapereka moni a Longwe m'Chitonga.

“Tayuka umampha, ada,” anayankha mayiwo, n'kuwayalira mphasa.

Atacheza za mvula ndi za matenda, a Longwe anafotokoza kuti mphwawo akufuna kugula munda wa malemu a Namaona. A NyaKamanga anasiya chinangwa. Anayang'ana Mizeck, n'kutembenukira ku Chichewa kuti mnyamatayo amve bwinobwino.

“Mwana wanga, munda uti wa a Namaona? Uwu ndi wa a Mhone, malemu aja anali mkulu wa mpingo. Bambo ako atabwera kuno malipiro a kuesiteti sankakwana, ndiye a Mhone anawabwereka kuti azilimapo chakudya. Ine ndinalipo. Chaka china bambo ako anadzala kamtengo ka lalanje apo, a Mhone anangobwera kudzakaona osanena kanthu, mawa lake bambo ako anakazula okha. Anali munthu waulemu kwambiri. Kodi iwe si amene unkasenza dengu la ufa wa kondowole chaka ndi chaka kupita nalo kwa a Mhone?”

Mizeck anavomera ndi mutu. Ananena motsitsa mawu kuti ankayesa kuti ndi mphatso chabe yopatsa okalamba.

A NyaKamanga anati ana a Mhone onse anabalalika, ena ku Zambia, ena ku Joni. Wotsala pafupi ndi Jacqueline, namwino wa ku Lilongwe, amene amabwera pa Khirisimasi kudzalambula manda a makolo ake. Ulendo wathawu ananena kuti akadzapuma ntchito adzamanga pamunda womwewu.

Yewo anatembenukira kumunda kuja. Anayang'ana malo amene m'maganizo mwake munali kale makatani a mayi ake, ndipo anamva chisoni chenicheni, china cha iye mwini, china cha Mizeck.

A Longwe anatseka ambulera yawo.

“Ana inu, mverani, chifukwa izi kusukulu sakuphunzitsani,” anatero. “Kuno kwathu mlendo sitimumana pogwira khasu. Timamupatsa munda, alime chinangwa, alime mbatata, adye ndi ana ake ngakhale zaka makumi atatu. Koma mtengo wa zipatso sadzala, nyumba ya njerwa samanga, maliro saikapo. Chinangwa umazula n'kuchoka. Mtengo umatsala, ndipo mdzukulu amadzaloza n'kunena kuti anadzala ndi agogo anga, ndiye malo ndi athu. N'chifukwa chake wobwereka amapewa mtengo, ndipo dengu la ufa lija limapita chaka ndi chaka kuti mbali zonse zisaiwale. Bambo ako, Mizeck, anasunga mwambowu mpaka kufa. Cholakwa chawo n'chimodzi, sanakukhazike pansi n'kukuuza. Ife akuluakulu timayesa kuti zimene tikudziwa ife ana anabadwa nazo. Ndipo iwe Yewo, chimene chinakukopa pamalo ano n'chomwecho chimene chikanakuchenjeza. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Ukanamanga zipinda zako, Jacqueline akanakupeza pa Khirisimasi, ndipo mboni zonse za mudzi uno zikanaima kumbali yake.”

Mizeck anadzuka pamphasa. Anati bambo ake anathira thukuta pamundawo moyo wawo wonse, a Mhone sanagwirepo khasu ngakhale tsiku limodzi, tsono lero akuuzidwa kuti alibe kanthu chifukwa choti kwawo ndi ku Mulanje. Maso ake anali atafiira. Kenako anatembenukira kwa Yewo.

“Sisi Yewo, inu mukundidziwa. Gulani basi. A ku Lilongwe akadzabwera mudzakhala mutamanga kale, sangagwetse nyumba.”

Yewo ankadziwa kuti akakana, mnzake wa ubwana ataya ntchito ya ku Joni, ndipo mwina sadzamulankhulanso. Komabe analankhula.

“Achimwene, sindigula. Sindikuti ndinu wakuba, ndaona ndekha kuti simumadziwa. Koma munda si wanu, ndiye simungandigulitse.”

A Longwe anayesa kumufewetsa mnyamatayo. Anati chinangwa chonse chili m'mundamo ndi chake, akhoza kuchigulitsa, ndipo iwo eni amuthandiza kulankhula ndi Jacqueline kuti mwina banja la a Mhone lingamuganizire. Mizeck anayankha kuti wa thiransipoti salandira chinangwa. Anapita pa njinga yake, n'kuiliza, n'kuchoka osatsanzika.

4. Banki m'khonde

A NyaKamanga sanalole kuti alendo achoke kukamwa kuli kouma. Anawaphikira tiyi ndi mbatata, ndipo a Longwe, amene sankakana tiyi wa munthu, anakhazikika. Analemba nambala ya Jacqueline, n'kumuuza Yewo kuti asagwe mphwayi, malo ogulitsa mwachilungamo alipo, ndipo ndalama zake zikadali zonse ku Sako. Yewo anayamba kupepukidwa mumtima. Anaona kuti wataya munda koma wapulumutsa thukuta lake.

Ali pakati pa kapu yachiwiri, a Longwe anafunsa ngati mlongo wawo wauzidwa.

Yewo anayang'ana dzuwa, n'kuona kuti lapendeka. Inali nthawi imene amayi a banki m'khonde amakhala atayamba kale msonkhano. Anaimba foni ya mayi ake koma inali yozimitsa. Anaimbira mayi wina wa m'gulu lomwelo, nayonso chimodzimodzi. Gululo linali ndi lamulo lakuti foni ikalira pamsonkhano mwini wake alipira chindapusa, choncho amayi onse ankazimitsa mafoni n'kuwaika m'mbale imodzi pakati pa mphasa.

Anadzilimbitsa mtima kuti Mizeck sangachite zimenezo, munthu woimba naye kwaya. Komabe anatsanzika mwachangu n'kuthamangira kumsewu.

Tsiku limene munthu uli pachangu m'pamene minibasi imakumbukira abale ake onse. Yoyamba inadutsa yodzaza. Yachiwiri inamutenga, koma inaima kukweza matumba a makala, inaimanso kudikira mayi amene ankamangabe mwana kumbuyo, kenako kondakitala anatsika kukasintha ndalama pa golosale n'kuyamba kucheza. Yewo ankangoimba mafoni awiri mosinthanitsa, ya mayi ake ndi ya Mizeck. Ya Mizeck inaitana kawiri osayankhidwa, kachitatu inali yozimitsa.

Atafika pabwalo la tchalitchi pamene gululo linkakumana, anapeza amayi akupinda mphasa. Bokosi la ndalama linali litatsekedwa kale ndi maloko ake atatu. A NyaLongwe atamuona anamuthamangira akuvina, chitenje chili m'chiuno, amayi ena akuwaombera m'manja ndi kumutcha Yewo kuti alandilodi.

Mayiwo sanamupatse mpata wolankhula. Anati Mizeck anafika msonkhano uli pakati, n'kunena kuti malire ayenda onse ndipo zonse zili bwino, kungoti Yewo watsalira kuperekeza asibweni ake. Ndiye iwo akanadikiranso chiyani? Amayi anzawo anachita kusiya ngongole zawo za mwezi uno kuti miliyoni ikwane, wina ya feteleza, wina ya fizi ya mwana. Mnyamatayo anawerenga ndalama, anagwada n'kuthokoza, n'kunyamuka.

“Ama,” anatero Yewo, “munda uja si wa a Namaona. Ndi wa a Mhone. Anangowabwereka.”

Kuvina kunathera m'malere. A NyaLongwe anafunsa kuti wanena ndani, ndipo Yewo anafotokoza za a NyaKamanga, za dengu la ufa ndi za lalanje lozulidwa. Mayi wina wachikulire wa m'gululo anagwira pakamwa n'kunena kuti n'zoona, iye ankayesa kuti a Mhone anachita kugulitsa kale, n'chifukwa chake sanafunse. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa.

Msungichuma wa gulu, mayi wosaseka ndi ndalama, anakumbutsa mofatsa kuti ngongole yalembedwa m'dzina la a NyaLongwe, wowaimira ndi mwana wawo Yewo, ndipo mwezi ukatha iyenera kubwera ndi chiwongoladzanja chake. Amayi amene anasiya ngongole zawo aja anasiya kupinda mphasa n'kuyandikira.

A NyaLongwe anakhala pansi pafumbi, yunifolomu ya Umanyano ili m'thumba pambali pawo. Yewo anali asanawaonepo mayi ake atasowa mawu, ndipo mkwiyo umene anabwera nawo m'minibasi unasanduka chisoni. Mayiwo anamugwira mwendo.

“Mwana wanga, unandiuza kuti ndidikire. Ndimafuna ndikusangalatse.”

Yewo anawadzutsa n'kuwasasa fumbi. Anapita kwa anyamata a kabaza amene ankaima pamphambano n'kufunsa za mnzawo. Iwo anati Mizeck wabweza njinga kwa mwini wake, wakwera galimoto ya ku Mzuzu ndi kachikwama kamodzi, ndipo wa thiransipoti amene ankamunena uja amanyamukira komweko Lachisanu m'mawa.

Anabwerera kumene kunali mayi ake, amayi onse a gulu akumuyang'ana. Anatenga foni ya mayiwo m'mbale muja, n'kuiyatsa, n'kuwapatsa m'manja.

“Ama, aimbireni asibweni muwauze nokha zimene zachitika, atipeze pasiteji,” anatero. “Mukatero valani nsapato. Lero tikagona ku Mzuzu, tikamupeze Mizeck asananyamuke.”